Musanaboole pepala: mawu a ntchito yobayinda

Mlembi wa gulu lina la alimi a mpunga ku Limphasa ananditulutsira katoni yomwe amasungiramo mapepala a gulu lawo. Munali malamulo a gulu, kaundula wa mamembala ndi minda yawo, malisiti, ndi zokambirana za pamisonkhano za zaka zingapo. Atanyamula mtolo woyamba, masamba awiri akumapeto anatsalira m'katonimo. Pini ya sitepula inali itachita dzimbiri, dzimbirilo n'kudya pepala mozungulira mpaka kusiya kachibowo kofiirira pakona. Buku la malamulo linali lobayinda ndi pulasitiki yakuda, koma mano anayi a pulasitikiyo anali atathyoka ndipo chikuto chinkangolendewera.

"Ada, ine ndinangowauza kuti abayinde," anatero mayiyo. "Iwo sanandifunse kanthu, inenso sindinadziwe kuti pali chofunsa."

Vuto lagona pamawu amodzi amenewo. "Kubayinda" timakutchula ngati chinthu chimodzi, pomwe mkati mwake muli ntchito zingapo zosiyana mtengo, kulimba kwake ndi cholinga chake. Munthu amene sadziwa mayina a ntchitozi amalandira chomwe makina a m'sitolomo angathe, osati chomwe mapepala ake akufuna. Ndipo kwa ife a kunyanja kuno, kulakwitsa kumapweteka kawiri. Kaye, ulendo: wa ku Limphasa kapena ku Mpamba amayenera kukwera galimoto kupita ku boma ku Nkhata Bay kapena kukwera mapiri mpaka ku Mzuzu, wa ku Kande amathamangira ku Chintheche, wa ku Usisya ndiye osanena, kubwerera kukakonzetsa cholakwika ndi ndalama ina ndi tsiku lina. Kenaka nyengo. Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi, ndipo chinyezi chake chimadya chitsulo, chimafufumitsa pepala, chimaitana nkhungu, chiswe ndi mphemvu. Chomwe chimatha zaka khumi mu ofesi youma ku Lilongwe sichitha zomwezo m'nyumba ya m'mbali mwa dambo.

Mapepala nawo achuluka kuposa kale. Sikimu ya Limphasa inali imodzi mwa zinayi zomwe zinakonzedwanso pansi pa pulojekiti ya IRLADP, pamodzi ndi Likangala ku Zomba, Nkhate ku Chikwawa ndi Muona ku Nsanje, ndipo mfundo yake inali yoti alimi eni aziyendetsa okha sikimu kudzera m'mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi. Kuyendetsa nokha kumatanthauza kusunga nokha umboni: ndani ali ndi munda uti, ndani analipira, tinagwirizana zotani. Onjezanipo magulu a banki mkhonde, makomiti a m'madoko a asodzi, makomiti a sukulu, mipingo, ndi ophunzira omwe amalemba malipoti a kafukufuku. Onsewa tsiku lina amaima pakauntala atanyamula mtolo wa mapepala.

Tiyambire pa pepala lenilenilo, chifukwa mkangano woyamba umabukira pomwepo. Pepala ndi tsamba si chimodzi. Pepala limodzi lili ndi masamba awiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Lipoti la masamba 100 likasindikizidwa mbali imodzi limadya mapepala 100, likasindikizidwa mbali zonse limadya 50. Wotayipa ndi wosindikiza amawerenga masamba, koma wobayinda amawerenga mapepala, poti chomwe iye akufuna kudziwa ndi kunenepa kwa mtolo. Pepala lomwe timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi la A4, mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Mukalipinda pakati mumapeza A5, mukalumikiza awiri mumapeza A3. Pachikuto cha rimu pamalembedwa 80 gsm, kutanthauza kuti pepala la mtundu umenewo lotambalala mita imodzi uku ndi uku limalemera magalamu 80. A4 imodzi ya mtundu umenewu imalemera pafupifupi magalamu 5, ndipo rimu ya mapepala 500 imanenepa pafupifupi masentimita 5. Apa pali kawerengedwe kothandiza komwe aliyense angasunge m'mutu: mapepala 10, milimita imodzi. Mtolo wa mapepala 100 ndi mamilimita 10.

Tsopano panchi. Kachipangizo koboolera mapepala aka n'kakale ndithu. Mjeremani wa ku Bonn, Friedrich Soennecken, anakalembetsa ngati luso lake pa 14 November 1886, ndipo Louis Leitz wa ku Stuttgart anatulutsa mu 1896 fayilo yaikulu yokhala ndi kachitsulo kokweza ndi kutsitsa, yomwe m'masitolo amati lever arch file. Panchi wamba ya mabowo awiri imatsata muyeso wa ISO 838: bowo lililonse ndi la mamilimita pafupifupi 6, kuchoka pakati pa bowo lina kufika pakati pa linzake ndi mamilimita 80, ndipo mabowowo amakhala mamilimita pafupifupi 12 kuchoka m'mphepete mwa pepala. N'chifukwa chake pepala lobooledwa ku Chintheche limalowa bwinobwino mu fayilo ya ku Zomba. Aku America ndi ena owazungulira amagwiritsa ntchito mabowo atatu pa pepala lawo lotchedwa Letter, lomwe ndi lalifupi koma lotambalala pang'ono kuposa A4. Mafayilo a mphete zitatu omwe nthawi zina amabwera ndi katundu wa mphatso m'masukulu ndi m'zipatala sagwirizana ndi panchi yathu, ndipo palibe chomwe chawonongeka pa panchiyo, miyeso yake ndiyo ina.

Chinthu chomwe ambiri sachidziwa ndi chakuti panchi ili ndi kachizindikiro pakati pake, kamzere kapena kamuvi. Mupinde pepala limodzi pang'ono chabe m'mphepete kuti mupeze pakati, mulunjikitse pakatipo ndi kamuviko, ndiye muboole. Mukatero mapepala onse mu fayilo amakhala mutu umodzi. Mukamangoboola mwamaso, ena amatulukira kumwamba ena kumunsi, ndipo otulukirawo ndi omwe amayamba kupindika ndi kung'ambika. Panchi zina zimabwera ndi kandodo kotsetsereka kolembedwa A4 ndi A5, kantchito yomweyo. Musakataye.

Pepala likabooledwa limafuna chomangira. Mu fayilo yopyapyala ya manila mumakhala kachitsulo ka timiyendo tiwiri topinda, fastener. Mu lever arch ndi mu ring binder muli mphete zachitsulo. Ndiye pali kachingwe kakafupi kokhala ndi timitengo tiwiri kumapeto, komwe m'maofesi a boma amati file lace kapena treasury tag. Ine pa nyengo ya kuno ndimasankha kachingweko, makamaka ka timitengo ta pulasitiki, kapena fastener ya pulasitiki. Chitsulo chopyapyala chikakumana ndi chinyezi cha mwezi wa March ndi April chimachita zomwe zinachitika m'katoni ya mayi uja. Pa pepala lomwe mukufuna kuti mdzukulu adzaliwerenge, pini ya sitepula ndi kakilipi kachitsulo zisagonepo zaka.

Bowo silitsekeka. Madzi akatayika saoleka, ndipo manambala akadyedwa ndi panchi sabwerera. Zinandichitikira m'sitolo ina ndi kaundula yemwe ndinathandiza kutayipa: manambala a minda tinawaika kumanzere kwenikweni kwa tsamba, mnyamata wa pamakina anaboola osayang'ana, ndipo nambala yoyamba ya mzere uliwonse inapita ndi zinyenyeswa. Munda 114 unasanduka 14. Tinasindikizanso zonse. Mawu ofunika apa ndi margin, mpata wopanda zolemba m'mphepete mwa tsamba, ndi mnzake gutter, mpata woonjezera kumbali yomwe kudzakhale msana wa buku. Pa kompyuta zonse ziwiri zili pamalo amodzi pokonzera tsamba. Muuzeni wotayipa asiye masentimita atatu kapena kuposerapo kumbali yobayinda. Ngati mukusindikiza mbali zonse ziwiri, kumbukirani kuti kuseri kwa pepala msana umakhala kumanja, ndiye mpatawo uzisinthana mbali. Makina obayindira abwino alinso ndi kosinthira kuya kwa bowo kuchoka m'mphepete: buku lopyapyala mabowo amayandikira m'mphepete kuti masamba azitembenuka mosavuta, buku lonenepa mabowo amalowa mkati kuti pepala lisang'ambike ndi kulemera.

Dzina lomwe lasokoneza anthu ambiri ndi "sipayiro." M'masitolo ambiri a kwathu kuno ukati sipayiro amakupatsa msana wa pulasitiki wokhala ndi mano opindika ngati zala zofumbata. Dzina lake lenileni ndi comb binding, kubayinda kwa chipeso, ndipo ukautambasula umaonekadi ngati chipeso. Mabowo ake ndi amakona anayi, otalikirapo, ndipo pa A4 amakhala 21. Pa pepala la Letter amakhala 19, ndiye ngati sitolo inagula zipeso za mano 19, buku lanu lidzatsala ndi mabowo awiri opanda kanthu. Sipayiro yeniyeni ndi ina: ndi chingwe chimodzi cha pulasitiki kapena cha waya chopotana ngati sipulingi, chomwe amachipota kudutsa m'timabowo tozungulira toposa 40, n'kupinda nsonga zake kuti chisatuluke. Amachitchanso coil. Ndiye pali yachitatu, ya waya wopinda pawiripawiri, yomwe mumaiona pa makalendala ndi madayale, yotchedwa wire binding kapena twin loop. Iyi amaipana ndi makina kamodzi, ikatsekeka yatsekeka.

Zitatuzi nthawi zambiri sizibwerekana mabowo, ndipo chifukwa chake chili m'mawu akuti pitch, kutalikirana kwa mabowo. Mukamva wobayinda akuti 3:1 akutanthauza mabowo atatu pa inchi iliyonse, inchi ili mamilimita 25.4. Waya wa 3:1 umafuna mabowo 34 pa A4 ndipo ndi wa mabuku opyapyala, osapitirira mapepala pafupifupi 120. Waya wa 2:1 umafuna mabowo 23 ndipo ndi wa mabuku onenepa. Sipulingi nthawi zambiri ndi 4:1. Chipeso mabowo ake amatalikirana mamilimita opitirira pang'ono 14. Choncho pepala lomwe labooledwa kale za chipeso silingalandire waya wa 3:1 kapena wa 2:1, ndipo kuliboolanso kachiwiri n'kulisandutsa sefa. Kusankha kumachitika makina asanatsike, osati pambuyo pake.

Kukula kwa msana nako kuli ndi manambala. Zipeso zimayambira mamilimita 6 mpaka 51. Apa ndi pomwe kawerengedwe kathu kaja kamagwira ntchito: yezani kunenepa kwa mtolo, muonjezere mamilimita awiri kapena atatu kuti masamba azipuma. Mapepala 100 ndi zikuto zake amafuna chipeso cha 14. Wobayinda akasowa saizi yoyenera amakakamiza ya 10, bukulo limakana kutseguka ndipo mano amayamba kutuluka m'mabowo. Akaika ya 25, masamba amangoseweramo mpaka mabowo kukula. Mano anayi othyoka a buku la malamulo lija anathyoka chifukwa cha kupanikizika kotere, kuphatikizapo kutentha kwa pansi pa malata komwe kumaumitsa pulasitiki. Zikuto zake n'zosavuta: kutsogolo pulasitiki yoonekera, yomwe kunenepa kwake amayeza m'ma micron, kawirikawiri 150 kapena 200, kumbuyo pepala lolimba. Pulasitiki ya 150 imapindika msanga m'thumba la munthu woyenda panjinga.

Ubwino waukulu wa chipeso ndi wakuti chimatseguka. Mutha kubwerera nalo buku, makina n'kukanula mano, inu n'kuchotsa tsamba lolakwika kapena kuonjezera latsopano. Kwa wophunzira yemwe lipoti lake likupita kwa mphunzitsi kuti akalichonge, palibe china choposa. Kwa buku la maphunziro a ulimi lomwe lidzasinthidwe chaka chamawa, chimodzimodzi. Koma ubwino womwewu ndi umene umandichititsa kukana kwamtuwagalu kuti zokambirana za pamisonkhano ndi kaundula wa ndalama zizisungidwa mu chipeso kapena mu fayilo ya mphete. Tsamba lomwe limachoka popanda kusiya chipsera limathanso kusinthidwa popanda wodziwa. Sindikunena kuti alembi ndi asungichuma athu ndi akuba. Ndikunena kuti pakabuka mkangano wa munda kapena wa ngongole, munthu wosalakwa amafunika umboni womwe palibe angaukayikire, ndipo buku lotseguka msana silingamuteteze. Zinthu zotere malo ake ndi mu hadikava yosokedwa, ija timagula m'sitolo, masamba ake n'kuwalemba manambala ndi cholembera kuyambira loyamba mpaka lomaliza lisanayambe kugwira ntchito. M'buku losokedwa, ukang'amba tsamba limodzi, linzake la mbali ina ya ulusi limagwedera n'kukuulula. Ngati zokambiranazo ndi zotayipa, tsamba lililonse likhale ndi nambala yonena kuti ndi lachingati mwa angati, wapampando ndi mlembi asayine lililonse, ndipo pakutha pa chaka zimangidwe m'njira yosatseguka.

Pali kubayinda kwina komwe tonse tinakugwira tili ana osadziwa dzina lake. Kope la kusukulu ndi kabuku ka kuchipatala ndi mapepala opindidwa pakati n'kubayidwa mapini awiri pamsana. Osindikiza amati saddle stitch. Chofunika kudziwa n'chakuti pepala limodzi lopindidwa limapereka masamba anayi, ndiye kabuku kotere masamba ake amayenda anayianayi: 8, 12, 16, 20. Mukabweretsa pulogalamu ya ukwati kapena ya msonkhano wa mpingo ya masamba 13, atatu adzakhala opanda kanthu ndipo mudzawalipira. Kabuku kakanenepa, masamba apakati amatulukira kunja ndipo amafunika kudulidwa ndi mpeni waukulu wa makina, guillotine. Sitepula wamba safika pakati pa A4, pamafunika ya mkono wautali. Komwe kulibe, singano ndi ulusi wolimba zimagwira ntchito yomweyo: mabowo atatu pamsana, ulusi kulowa pakati, kutulukira kumwamba, kudumphira kumunsi, kubwerera pakati n'kumanga mfundo. Ulusi suchita dzimbiri.

Za guluu ndidutsapo mwachangu. Mabuku ambiri a chikuto chofewa ndi mapepala odulidwa msana n'kumatidwa, njira yotchedwa perfect binding. Masitolo ena ali ndi kamakina kotenthetsa chikuto chomwe chili kale ndi guluu pamsana, thermal binding. Zimaoneka bwino ndipo dzina la buku limalembeka pamsana, koma buku lotere silifuna kuthyoledwa msana pa galasi la makina a fotokope, ndipo guluu wotsika mtengo akauma masamba amayamba kuthothoka limodzilimodzi. Mphemvu nazo zimakonda guluu wa ufa.

Pamwamba pa zonse pali kusoka, ntchito yomwe dera lino linaidziwa kalekale. Mishoni ya Livingstonia itachoka ku Cape Maclear inakhazikika ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, mu 1881, ndipo mmishonale Robert Laws atasamukira ku Khondowe mu 1894, sukulu yomwe anayambitsa kumeneko inkaphunzitsa ntchito zamanja kuphatikizapo kusindikiza mabuku. Ana a Atonga anali m'gulu la ophunzira oyambirira kumeneko. Tengani Baibulo lakale la agogo kapena buku la nyimbo la kutchalitchi, muliyang'ane pamutu pa msana. Mudzaona kuti si mulu wa mapepala omatidwa, koma timabuku ting'onoting'ono togundizana. Kalikonse ndi pepala lalikulu lopindidwa kangapo kupereka masamba 16 kapena 32, ndipo dzina lake ndi signature kapena section. Timabukuti timasokedwa pakati, n'kulumikizidwa kena ndi kena ndi ulusi, msana n'kumatidwa kansalu, kenaka zonse n'kulowetsedwa m'chikuto cha katoni yolimba yokutidwa ndi nsalu kapena pepala lochindikala. Pepala lomwe limalumikiza chikuto ndi buku, lija lomatidwa mkati mwa chikuto, ndi endpaper, ndipo ndi pomwe buku lakale limayambira kulekana. Likalekana pamenepo limakonzeka, chifukwa ulusi umakhala ukugwirabe masamba.

N'chifukwa chake mawu akuti "hard binding" amafunika funso lotsatira. Wophunzira wa ku Mzuzu University kapena kukoleji ina akamaliza kukonza lipoti lake amapita nalo kuti akalimange chikuto cholimba cha zilembo zagolide. Kunja onse amaoneka mofanana. Mkati, ena amasoka ndi ulusi kudutsa m'mbali mwa mtolo, ena amamata guluu yekha, ena amakhoma mapini aakulu a sitepula n'kuwabisa pansi pa chikuto. Funsani kuti mkatimo mugwira n'chiyani. Ngati yankho ndi mapini, ndipo bukulo likukakhala kunyanja, pemphani ulusi ngakhale mtengo ukwere.

Kulamineta si kubayinda, koma kumachitikira pakauntala yomweyo ndipo kuno anthu amakukonda chifukwa cha chinyezi. Pa chithunzi cha pakhoma, ndandanda ya kagawidwe ka madzi m'ngalande kapena mitengo ya pa chigayo, n'kwabwino kwambiri. Pa satifiketi yeniyeni ya MANEB, kalata ya malo kapena mgwirizano wosayinidwa, ine ndimaletsa. Pulasitikiyo imamatirira ndi moto ndipo sichoka popanda kuwononga pepala, chidindo chotukuka chimaphwanyika, ndipo wofuna kutsimikiza kuti chikalatacho n'chenicheni sangathenso kukhudza pepala lake. Risiti ya pepala loterera, ija ya m'makina a m'sitolo, ikalowa m'makina otentha imada yonse bii. Zikalata zotere muziike m'kathumba ka pulasitiki ka mabowo m'mbali, komwe kamalowa mu fayilo pepala osabooledwa, ndipo mulaminete fotokope yake ngati mukufuna yoyenda nayo.

Mayi uja tinakhala naye pakhonde masana onse tikusanthula katoni. Mapini adzimbiri tinawazula ndi nsonga ya mpeni, mitolo n'kuimanga ndi ulusi. Malisiti anapita mu fayilo ya kachingwe, mwezi ndi mwezi. Zokambirana za chaka chino anati ayamba kuzilemba mu hadikava, ndipo anakhala pansi n'kulemba manambala pakona ya tsamba lililonse mpaka lomaliza. Buku la malamulo analiwerenga mapepala, anapeza 38, ndipo pa kapepala koti apite nako ku boma analemba yekha ndi dzanja lake: makope atatu, awiri a chipeso cha 8 oyenda nawo kumisonkhano, limodzi losoka ndi ulusi losunga, kumanzere asiye masentimita atatu, ndione pepala limodzi loyeserera asanaboole onse. Katoniyo anaichotsa pansi pomwe inkakhala, naiika pa thandala pamwamba, kutali ndi khoma lomwe limanyowa nthawi ya dzinja.